"Duck shot" pa bokosi la zipolopolo: tanthauzo lake ndi zoyenera kuwerenga musanagule

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wolima mpunga m'mbali mwa nyanja ya Malombe. Ali ndi mfuti ya mpope umodzi ya nambala 12, yakale ndithu, imene anawasiyira malume awo, ndipo akuti mapepala ake onse anakonza kale kupolisi. Alemba motere: "Ndimamva anthu akutchula zipolopolo za duck shot. Pa bokosi lina ndinaona palembedwa waterfowl, pa lina steel. Kodi umenewu ndi mtundu wapadera wa zipolopolo? Ndingathe kuika mu mfuti yanga? Nanga zingandithandize pa mvuu zimene zikundithera mpunga?"

Zikomo bambo chifukwa cha kalatayi. La mvuu tiyankhiretu poti ndi lalifupi: ayi, musayerekeze n'komwe. Njere za chipolopolo cha mbalame zimathera pa chikopa cha mvuu, ndipo mvuu yolasidwa ndi imene m'mawa mwake imakagubuduza bwato la asodzi kapena kuthamangitsa amayi padooko. Komanso ndi nyama yotetezedwa ndi malamulo. Zikavuta m'munda, kaneneni kwa amfumu ndi kwa a gemu, chifukwa iwowo ndiwo ali ndi mfuti zake ndi chilolezo chake.

Tsopano mawu mwafunsawo. Duck ndi bakha m'Chingerezi, shot ndi tinjere ta mtovu kapena ta chitsulo timene timadzazidwa m'chipolopolo cha mfuti ngati yanuyo. Dzinali ndi la makedzana, nthawi ya mfuti za gogodela, pamene mlenje ankagula onga payekha, njere payekha, n'kumathira yekha kukamwa kwa mfuti. Amalonda a ku Ulaya ankatchula njerezo potengera nyama imene zikukapha: zazikulu kwambiri buckshot za agwape, zotsatira swan shot ndi goose shot za mbalame zikuluzikulu za m'madzi monga atsekwe, kenako duck shot za abakha, mpaka dust shot zonga mchenga za timbalame. Waterfowl ndi dzina lophatikiza abakha ndi atsekwe onse. Ndiye mukaona mawu amenewa pa bokosi, wopanga akungokuuzani ntchito imene anaipangira. Si muyeso ayi. Zili ngati munthu kunena kuti "ukonde wa chambo": mwamva nsomba yake, koma msodzi wodziwa amafunsabe kuti maso ake ndi a mainchesi angati. Mabokosi awiri onse olembedwa duck akhoza kusiyana kukula kwa njere, kulemera, kutalika kwa chipolopolo ndi chitsulo chimene chili m'kati, ndipo lina mwa mabokosiwo likhoza kukuphulitsirani mfuti m'manja.

Kuti manambala a pa bokosi amveke, dziwani kaye zimene zili m'chipolopolomo. Kumbuyo kuli kachitsulo kozungulira, pakati pake pali kabatani kamene msomali wa mfuti umamenya. Kabatani kakamenyedwa kamayatsa onga. Kutsogolo kwa onga kuli kakapu ka pulasitiki kamene kamanyamula njere ndi kutseka mpweya kuti usadutse m'mbali. Kumapeto chikhungwa chimapindidwa ngati nyenyezi. Mukawomba, mpindowo umatambasuka, kakapu ndi njere zimatuluka limodzi, kakapu n'kugwera pafupi, njere n'kumapita zikumwazika.

Nambala yoyamba pa bokosi ndi ya kukula kwa mpope. Nambala 12 inachokera poti mukatenga paundi imodzi ya mtovu, magalamu 454, n'kuumba mipira 12 yofanana, mpira umodzi umakwana ndendende mu mpope wa mfuti imeneyo, umene ndi pafupifupi mamilimita 18.5. N'chifukwa chake nambala ikamakwera mpope umachepa: 16 ndi yaing'ono kuposa 12, 20 ndi yaing'ono kuposa 16. Apa pali ngozi imodzi yodziwika kwa alenje onse. Chipolopolo cha 20 chikasakanikirana m'thumba n'kulowa mu mfuti ya 12, chimatsetsereka n'kukatsakamira m'kati mwa mpope. Munthu amakoka, mfuti osalira, amatsegula n'kuona ngati mulibe kanthu, n'kuikamo china cha 12 pambuyo pake. Akakoka kachiwiri mpope umang'ambikira pomwe pali dzanja lamanzere. Makampani ambiri amapanga zipolopolo za 20 zachikasu pofuna kupewa zimenezi, koma njira yabwino ndi kusasunga mitundu iwiri m'thumba limodzi.

Yachiwiri ndi kutalika: 65, 70, 76 kapena 89, m'mamilimita. Pa mabokosi a ku America amalemba 2¾ m'malo mwa 70, 3 m'malo mwa 76, ndi 3½ m'malo mwa 89. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti muyesowu ndi wa chikhungwa chitatambasuka, chipolopolo chitawombedwa kale. Choncho chipolopolo cha 76 chosawombedwa chimalowa bwinobwino mu mfuti ya 70, mfuti n'kutsekeka popanda vuto. Koma pa nthawi yowomba mpindo uja umasowa malo otambasukira, umapanikiza njira, mphamvu ya mpweya imakwera kuposa mmene mfuti inayesedwera. Zipolopolo zambiri zolembedwa waterfowl masiku ano ndi za 76, zina za 89, pamene mfuti zakale za mpope umodzi zambiri ndi za 70, ndipo zina zakale kwambiri za ku England ndi za 65. Chachifupi mu mfuti yaitali palibe vuto, chachitali mu mfuti yaifupi ndiye choletsedwa. Onetsetsani kuti mfuti ilibe kanthu, chotsani kathabwa ka pansi pa mpope, pukutani ndi kansalu kamafuta, muone zimene zinadindidwa pa chitsulo pafupi ndi polowera chipolopolo. Mupeza 12/70, kapena 70mm, kapena 2¾. Ngati zinafufutika ndi dzimbiri, mfutiyo ikayesedwe kwa wogulitsa kapena wokonza mfuti wovomerezeka musanagule chilichonse.

Yachitatu ndi kulemera kwa njere, monga magalamu 28, 32, 34 kapena 36. Pa abakha magalamu 32 ndi okwana. Kuwonjezera magalamu sikukankhira njere kutali, kumangochulutsa njere ndi kukankha paphewa, ndipo mfuti ya mpope umodzi poti ndi yopepuka imakankha zedi. Munthu amene wayamba kuopa mfuti yake amatsinzina pokoka, n'kumaphonya.

Pa nambala ya njere m'pamene dzina la duck shot lili kwenikweni. Nayonso ikamakwera njere zimachepa: 1 ndi yaikulu, 9 ndi yaing'onong'ono. Vuto n'lakuti maiko sagwirizana. Nambala 4 ya ku England ndi mamilimita 3.1, ya ku Germany ndi 3.25, ya ku America ndi 3.3. Njere za BB ku England ndi 4.1 pamene ku America zimafika 4.6. Ndiye popeza mabokosi amachokera kosiyanasiyana, khulupirirani mamilimita, amene opanga ambiri amalemba pambali pa nambala. Ngati njerezo ndi za mtovu, zimene anthu amatcha duck shot zili pakati pa mamilimita 2.8 ndi 3.3. Abakha a chipweyo, oimba mluzu aja amene amadutsa m'magulu madzulo pa Malombe ndi m'mbali mwa Shire, safika kilogalamu imodzi, ndipo njere za 2.8 mpaka 3.1 zimawakwana. Tsekwe wamkulu wa minga pamapiko ndi nkhani ina. Tambala wake amatha kupitirira makilogalamu 5, nthenga zake n'zokhuthala, ndipo amafuna njere za mamilimita 3.6 mpaka 4.1. Mukamuwombera ndi njere za chipweyo amangothothoka nthenga n'kukafera kutali patapita masiku.

Zolembedwa AAA, SSG, SG ndi LG si za mbalame. AAA ndi mamilimita 5.2, SSG ndi 6.8, LG ndi 9.1. M'chipolopolo cha magalamu 32 cha SSG muli njere 17 kapena 18 basi, pamene cha nambala 4 ya ku England muli pafupifupi 190. Bakha amagwa zikamupeza njere zitatu kapena kuposerapo, imodzi n'kufika pamutu, pakhosi kapena pachifuwa. Njere 18 zikamwazika, mbalame imadutsa pakati pake osakhudzidwa, koma njerezo zimapitabe kutali ndi mphamvu yopha munthu.

Tifike pa steel, kutanthauza chitsulo, pamene pali mtima wa nkhaniyi. Kwa zaka zambirimbiri njere zonse zinali za mtovu, chifukwa mtovu ndi wolemera, wofewa ndi wotsika mtengo. Koma werengani nokha. Bokosi limodzi muli zipolopolo 25, chilichonse magalamu 32, ndiye mtovu wokwana magalamu 800. Njere zimene zimalowa mu mbalame n'zowerengeka, zina zonse zimagwera m'matope. Bakha alibe mano, amameza timiyala kuti tizipera chakudya mu nthutumba, ndipo akamasefa matope sasiyanitsa kamwala ndi njere ya mtovu. Nthutumba imaipera, mtovu umalowa m'magazi. Mbalameyo imayamba kufooka, mapiko amalendewera, zitosi zimabiriwira, chidali chimauma kutsala fupa, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu imakafera m'bango momwe munthu saiona. Njere imodzi yokha ikhoza kupha bakha. Nkhwazi imene yatola bakha wodwala kapena wolasidwa imadyera kumodzi mtovuwo. Ndipo kwa inu bambo, matope amenewo ndi munda wanu wa mpunga, momwe abakha a pakhomo nawonso amakasewera.

Pa chifukwa chimenechi dziko la America linaletsa mtovu posaka mbalame za m'madzi mu 1991, Canada mu 1999, ndipo maiko a m'bungwe la European Union analetsa m'madambo ndi m'mbali mwake kuyambira mwezi wa February 2023. Denmark inaletseratu njere za mtovu pa kusaka kulikonse mu 1996. Pangano la AEWA loteteza mbalame za m'madzi zoyendayenda pakati pa Africa, Ulaya ndi Asia nalonso limapempha maiko kuti asiye mtovu m'madambo. Zotsatira zake n'zakuti bokosi latsopano lochokera ku America kapena ku Ulaya lolembedwa duck kapena waterfowl pafupifupi nthawi zonse limakhala la njere za chitsulo, ndipo amalemba steel kapena non-toxic, kutanthauza zopanda poizoni. Dzina ndi lomwe lija la makedzana, koma za m'kati zinasintha. Ngati bokosi linatayika ndipo mukukayika, tengani maginito a sipika yakutha muike kutsogolo kwa chipolopolo, kumene kuli mpindo. Chikamata ndiye muli chitsulo. Musayesere kumbuyo, chifukwa kachitsulo ka kumbuyoko kamamata maginito pa zipolopolo zambiri ngakhale kamaoneka ngati mkuwa.

Chitsulo n'chopepuka poyerekeza ndi mtovu. Kachidutswa ka sentimita imodzi mbali zonse ka mtovu kamalemera magalamu 11.3, ka chitsulo 7.8. Njere yopepuka imataya liwiro msanga, n'chifukwa chake lamulo la alenje ndi lokweza kukula ndi manambala awiri. Njere ya mtovu ya mamilimita 3.3 imalemera pafupifupi magalamu 0.21, ya chitsulo ya 3.8 imalemera 0.23, ndiye kuti nambala 2 ya chitsulo imagwira ntchito ya nambala 4 ya mtovu pa muyeso wa ku America. M'magalamu 32 mumapezeka njere za mtovu za 3.3 pafupifupi 150, za chitsulo za 3.8 pafupifupi 140. Kusiyana kwake n'kochepa, ndipo pa mamita 30 bakha amagwa chimodzimodzi.

Koma chitsulo n'cholimba, ndipo apa m'pamene mfuti ya malume ikulowa. Kukamwa kwa mpope wa mfuti zambiri n'kopanikizika pang'ono kuti njere zituluke zitaunjikana, ndipo kupanikizikako amati choke. Yothina kwambiri ndi full, yapakati ndi half kapena modified, yotsatira ndi quarter, yosathina n'komwe ndi cylinder. Njere za mtovu zikafika pothinapo zimaphwanyika pang'ono n'kudutsa. Za chitsulo siziphwanyika, zimakankha mpope, ndipo pa mfuti yakale ya mpope wopyapyala zimasiya kuphuphuma kozungulira pafupi ndi kukamwa, kumene mumamva mukayendetsa zala. Malamulo a bungwe la CIP, limene limayang'anira kayesedwe ka mfuti m'maiko ambiri a ku Ulaya, amagawa zipolopolo za chitsulo pawiri. Za standard, zimene pa mfuti ya nambala 12 njere zake sizipitirira mamilimita 3.25, zikhoza kulowa mu mfuti yabwinobwino imene inayesedwa ndi onga wamakono, bola choke isapitirire half. Za high performance zimafuna mfuti imene pansi pa mpope inadindidwa kachizindikiro konga duwa la masamba atatu kotchedwa fleur-de-lys. Mfuti yakale ngati yanu sidzakhala nako, ndipo zambiri za mpope umodzi zinapangidwa ndi choke yothina yosachotseka.

Ndiye yankho langa n'lakuti musagule bokosi chifukwa cha chithunzi cha bakha. Choke iyesedwe kaye. Ikapezeka kuti ndi half kapena yotakasuka kuposa apo, ndipo mpope ulibe maenje a dzimbiri m'kati, gulani standard steel ya kutalika kofanana ndi mfuti yanu, njere za 3.0 mpaka 3.25. Ikapezeka kuti ndi full, chitsulo chisalowemo. Njere za mtundu wina zotchedwa bismuth n'zofewa ngati mtovu, siziwononga mfuti zakale ndipo zilibe poizoni wa mtovu, kungoti mtengo wake ndi wolowa m'thumba. Zikapanda kupezeka, ine ndinganene kuti mfuti imeneyo ikhale ya nkhanga ndi njiwa kumtunda, padambo isamapite. Zong'amba chipolopolo n'kuthiramo timipira ta m'habu ya njinga kapena tizidutswa ta misomali, monga amachitira ena, ndi njira yachidule yotayira diso kapena zala. Njere za chitsulo za kufakitale n'zofewetsedwa ndipo zimakhala m'kakapu kokhuthala kotchinjiriza mpope.

Mukagula, yesani musanapite kudambo. Pezani katoni yaikulu, yoposa mita imodzi mbali zonse, muimike patsogolo pa chulu kutali ndi nyumba ndi njira za anthu, posakhala miyala. Yesani mamita 35 ndi chingwe, osati ndi maso. Wombani kamodzi pakati, kenako mangani pensulo ku chingwe cha masentimita 38 mujambule bwalo pamene njere zachulukana. Werengani mabowo a m'bwalomo. Pa mtunda ngati umenewu choke ya full imasunga pafupifupi njere 70 mwa 100 zilizonse m'bwalo, half 60, cylinder 40, ndipo chitsulo chimaunjikana kuposa mtovu chifukwa njere zake zimakhalabe zobulungira. Bakha wamkulu amafuna mabowo 90 kapena kuposerapo, chipweyo oposa 120. Yang'ananinso ngati pali mipata yoti chikhatho n'kukwanapo popanda bowo, ndiponso ngati njere zikugwera kumanzere kapena pansi pa pomwe munaloza. Chitani katatu pa makatoni osiyana. Mabowo akachepa, yandikirani mamita asanu muyesenso, ndipo mtunda umene mabowo akwane ndiwo malire a mfuti yanu. Kwa anthu ambiri amapezeka pakati pa mamita 30 ndi 35.

Kupha kumathera pamenepo koma kuuluka kwa njere sikuthera pamenepo. Njere ya mamilimita 3.3 imatha kukagwera pa mamita 250 kapena kuposerapo, ya BB imapitirira 300. Pa Malombe m'bandakucha kumakhala mabwato a asodzi akubwera kumtunda, kuseri kwa bango kuli wina akuonja mono, ndipo simungawaone. Musawombere mbalame imene yatera pamadzi kapena ikuuluka motsika. Njere zimanjanja pamadzi, makamaka za chitsulo, n'kusintha njira.

Chinyezi ndi mdani wina. Zipolopolo za chitsulo zikanyowa n'kusungidwa choncho, njere zimachita dzimbiri n'kumatana kukhala chibuma chimodzi, ndipo chibumacho chikafika pa choke chimawononga mpope kapena kupita kutali ngati chipolopolo cha mfuti ya asilikali. Zisungeni m'chitini chotseka bwino, malo ouma okiyidwa, kosiyana ndi kumene kuli mfuti. Chofufuma, chong'aluka kapena cha dzimbiri kumbuyo musachikakamize kulowa. Mukakoka mfuti osalira, ilozeni kopanda anthu kwa masekondi 30 musanatsegule, chifukwa onga wonyowa nthawi zina umachedwa kuyaka. Ikalira motsika ngati yatsamwa, tsegulani musuzumire mu mpope kuchokera kumbuyo. Kakapu kaja kamatha kutsalira m'kati, ndipo kuwomberanso pamenepo n'chimodzimodzi kuwomba mfuti imene kukamwa kwake kwalowa matope mutaterereka: mpope umang'ambika.

Za malamulo, chiphaso cha polisi ndi cha kusunga mfuti ndi kugula zipolopolo za mfuti imeneyo, si chilolezo chosaka. Kusaka kuli pansi pa lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, limene linakonzedwanso mu 2017 ndipo zilango zake zinakwera kwambiri. Chilolezo cha mbalame chimaperekedwa ndi nthambi ya nyama zakutchire, ndipo ndi komweko kumene mukafunse mitundu yololedwa, chiwerengero chake ndi miyezi yake. Kuno kwathu malire ali pafupi. Paki ya Liwonde imakhudza nyanja ya Malombe, nkhalango ya Mangochi Forest Reserve ikuyang'aniridwa limodzi ndi pakiyo, ndipo ku Cape Maclear ndi zilumba zake kuli Lake Malawi National Park. M'malo onsewa kungopezeka ndi mfuti popanda chilolezo ndi mlandu. Nyengo ya mvula abakha a chipweyo amakhala akuikira, ndipo kupha msoti pa nthawiyo ndi kupha chisa chonse. Ngati cholinga ndi kuteteza mpunga basi, zitini za pa chingwe ndi kulinda zimatsika mtengo kuposa bokosi la zipolopolo.

Pokonza mbalame yophedwa ndi mtovu, tsatirani njira imene njere yadutsa, dulani mnofu wonse wofiirira ndi magazi kuzungulira bowo, ndipo fufuzani ndi zala musanaike mu mphika. Mtovu umasiya tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndipo kuphika ndi zowawasa monga viniga kumausungunulira mu msuzi. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera asamadye nyama yotere, chifukwa mtovu umawononga ubongo wa mwana ngakhale utachepa chotani. Njere zimene mwachotsa musaponye pabwalo pamene nkhuku zimatola. Ya chitsulo ilibe poizoni koma imathyola dzino, choncho dulani chidali mopyapyala, muyendetsepo maginito aja musanaphike.